Masamba a pa intaneti akamatseguka mwa apo ndi apo: vuto limagona pati?

Pamene ntchito zambiri za boma zikudalira intaneti, dandaulo limodzi lafala pakati pa anthu amene ali nayo kunyumba: tsamba limatseguka bwinobwino m'mawa koma madzulo n'kukana, kapena lina limatseguka pomwe linzake likukanika. Kwa wogwira ntchito m'boma amene akuyenera kutumiza lipoti tsiku lomaliza lisanadutse, vuto lotere ndi losautsa kuposa kudukiratu kwa intaneti chifukwa limabisa gwero lake.

Ambiri amathamangira kuloza chala kampani yowapatsa intaneti, ena amawononga ndalama pogula rauta yatsopano. Komatu tsamba lisanaoneke pa kompyuta, uthenga umadutsa m'magawo anayi, ndipo lililonse likhoza kudodometsa ulendowo. Akuluakulu anati chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma.

Gawo loyamba ndi la m'nyumba momwemo. Mphamvu ya Wi-Fi imafooka ikamadutsa m'makoma a njerwa, ndipo ya 2.4 GHz imasokonezedwanso ndi marauta a nyumba zoyandikana. Mwa njira zimene Wi-Fi yotereyi imagwiritsa ntchito, 1, 6 ndi 11 ndizo sizilowererana, choncho ndi bwino kusankha imodzi mwa zitatuzi. Pofuna kutsimikiza, munthu alumikize kompyuta ku rauta ndi nthambo. Masamba akayamba kutseguka mosavuta, ndiye kuti chilema chili pa Wi-Fi. Magetsi nawonso amanamiza: akangophethira, rauta imazima n'kutenga mphindi imodzi kapena ziwiri kuti idzuke, pomwe laputopu ya batire siionetsa chizindikiro chilichonse.

Gawo lachiwiri ndi DNS, yomwe ili ngati kaundula wosandutsa dzina la tsamba kukhala nambala imene makompyuta amaidziwa. Kaundulayu akamachedwa kuyankha, masamba amene munthu wangotsegula kumene amayendabe chifukwa kompyuta imasunga nambala zawo kwa kanthawi, koma atsopano amakana. Zikatere, munthu angathe kusintha DNS pa rauta kapena pa kompyuta n'kuikapo 8.8.8.8 ya Google kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare.

Gawo lachitatu ndi la kampani. Uthenga wa pa intaneti umayenda m'tizidutswa ting'onoting'ono, ndipo nsanja ya netiweki ikadzaza anthu, makamaka madzulo, tina timatayika panjira. Lamulo la pa kompyuta lotchedwa ping limathandiza kuona zimenezi. Ngati rauta ikuyankha nthawi zonse koma 8.8.8.8 ikuyankha modumphadumpha, ndiye kuti vuto lili kunja kwa nyumba, ndipo kugula rauta ina n'kutaya ndalama chabe.

Gawo lachinayi lili kutali ndi aliyense wa ife. Dziko la Malawi silinachite malire ndi nyanja yamchere, kotero intaneti yake yambiri imadzera m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique kukalumikizana ndi nthambo za pansi pa nyanja, kuphatikizapo SEACOM yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010. Pa 12 Meyi 2024 nthambo ziwirizi zinaduka m'nyanja kumpoto kwa Durban ku South Africa, patangopita miyezi itatu nthambo zina zitadukanso m'nyanja ya Red Sea. Intaneti inasokonekera ku Tanzania, Mozambique, Malawi, Kenya, Uganda ndi Rwanda, moti ofesi ya kazembe wa America ku Dar es Salaam inatseka zitseko kwa masiku awiri. M'madera ambiri intaneti sinazimiretu. Makampani anapatutsira uthenga ku njira zina zomwe zinadzaza msanga, ndipo zotsatira zake zinali zomwezi: tsamba kutseguka tsopano, kenako n'kukana. Ntchito yokonza nthambozo inatenga pafupifupi milungu itatu.

Chizindikiro cha vuto la mtundu umenewu n'chakuti masamba osungidwa kunja amavuta pomwe osungidwa m'dziko muno amatseguka. Apa ndi pamene pakuonekera phindu la Malawi Internet Exchange, malo amene anatsegulidwa mu 2008 mu mzinda wa Blantyre kuti makampani a intaneti azipatsirana uthenga wa m'dziko muno popanda kuuzungulitsa kunja. Maunduna ndi nthambi za boma zikamasunga masamba awo m'dziko muno, ntchito zawo zingapitirire ngakhale nthambo itaduka m'nyanja. Maofesi amene ali ndi makampani awiri a intaneti afunsenso ngati awiriwo sakudalira nthambo imodzi, chifukwa ngati zili choncho, onse adzagwa tsiku limodzi.

Kwa wogwiritsa ntchito intaneti kunyumba, chida chachikulu ndi umboni. Alembe tsiku, nthawi, masamba amene akana ndi zotsatira za ping kwa mlungu wathunthu, kenako akapereke ku kampani yake. Dandaulo longoti intaneti ikuvuta limayankhidwa ndi malangizo ozimitsa ndi kuyatsanso rauta, pomwe lokhala ndi manambala limakakamiza kampani kufufuza. Kampaniyo ikalephera kuthandiza, nkhaniyo ingathe kupita ku bungwe la MACRA, lomwe lili ndi udindo woteteza ogula pa nkhani za mauthenga malinga ndi lamulo la mu 2016.