Pakhonde pa Mwalimu: Kuona maso a nkhono n'kudekha



Mayi wina wa ku Mangochi wandilembera kalata yodandaula. Akuti mnyamata wawo wa Fomu 2 wagwidwa matenda a mabuku a nkhani zofufuza milandu, moti ngakhale nsima amadya buku lili pamwendo. Mafunso awo ndi awiri. Loyamba, kodi mabuku okamba zakuba ndi kuphana sangamuononge mwana? Lachiwiri, nanga inuyo mwalimu mumawerenga chiyani mukaweruka ku madrasa? Mayi, ndiyambe ndi kuulula kuti matenda a mwana wanuwo nanenso ndili nawo, ndipo mankhwala ake sindikuwafuna.

Kuno ku Makata, m'munsi mwa phiri la Ndirande, masana sikuwerengeka. Uku makina a m'mafakitale, uku maminibasi, uku wailesi ya aneba. Nthawi yanga ndi usiku, ikatha swala ya Isha, ana atagona. Ndimawerenga theka la ola basi, koma tsiku lililonse. Foni ndimaisiya kuchipinda, chifukwa ndinaona kuti ikakhala pafupi tsamba limodzi ndimalibwereza katatu. Mabuku ena ndimabwereka ku National Library Service, koma ambiri ndi akale, ogula kwa anyamata oyala pansi m'misewu ya Limbe ndi Blantyre. Apa ndikuchenjezeni: musanapereke ndalama, yambani mwaona masamba omalizira. Ine ndinagulapo buku lina lothothoka masamba akumapeto, ndipo ndinatha miyezi iwiri ndikufunsa anzanga kuti wakupha anali ndani.

Matendawa ndinatengera kwa amalume anga. Pansi pa bedi lawo panali sutikesi yodzaza mabuku a m'nthawi yawo. Munali timabuku ta Pacesetters timene kampani ya Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977, kuphatikizapo Truth Will Out ka Mmalawi mnzathu Dede Kamkondo. Munali mabuku a Aubrey Kalitera, amene ankadzisindikizira yekha muno mu Blantyre, ndipo limodzi mwa iwo analitchula dzina la phiri lomwe ndimaliona ndikatuluka pakhomoli, To Ndirande Mountain with Love. Munalinso mulu wa James Hadley Chase. Awa ndinene mosabisa: ndi okoka mtima ndithu, koma zikuto zake ndi zina za m'kati mwake si za ana. Ngati ndi amene mnyamata wanu akuwerenga, msinthireni ena mwaulemu.

Nanga ena ake ati? Amene ndimabwererako kawirikawiri ndi awa.

Woyamba ndi mayi wa ku England, Agatha Christie, amene anamwalira mu 1976 atalemba mabuku 66 a mtundu umenewu. Mwezi uno ndikubwereza Murder on the Orient Express la mu 1934. Sitima yaima pakati panjira chifukwa chisanu chatseka njanji, munthu waphedwa m'kachipinda kake, ndipo aliyense wa apaulendo ali ndi umboni woti anali kwina. Koma mwa ofufuza ake onse ine ndimakonda Miss Marple, gogo wa pamudzi amene apolisi amamuderera. Iye nzeru zake n'zodziwa anthu. Akaona khalidwe la mlendo amakumbuka wina wa m'mudzi mwake amene anachitapo zofanana, monga achitira agogo athu akakhala pamkeka n'kumangoyang'ana odutsa.

Wachiwiri ndi Sherlock Holmes wa Arthur Conan Doyle, amene anayamba kuoneka mu 1887. M'nkhani ya Silver Blaze, hatchi ya mpikisano yasowa m'khola usiku. Onse akufunafuna mlendo, koma Holmes akufunsa za galu wa pakhomopo, amene usiku umenewo sanauwe. Inu amene munagonapo m'taunishipi mukudziwa tanthauzo lake: galu sauwa munthu womudziwa.

Wachitatu ndi wa pafupi ndi kwathu. Muhammed Said Abdulla wa ku Zanzibar, amene anabadwa mu 1918 n'kumwalira mu 1991, analemba m'Chiswahili nkhani za wofufuza wotchedwa Bwana Msa. Buku loyamba, Mzimu wa Watu wa Kale, linatuluka mu 1960, ndipo Kisima cha Giningi linatsatira mu 1968. M'buku loyambalo mtembo wapezeka pamalo amene anthu amawaopa kuti pali mizimu. Bwana Msa saopa ndiponso sathamanga. Amayang'ana pansi, amafunsa mafunso, mpaka zaoneka kuti ntchitoyo ndi ya manja a munthu. Amene mumamva Chiswahili, makamaka a ku Nkhotakota, mukalipeza musalisiye. Kwa atsikana athu ndionjezerepo Mma Ramotswe wa ku Gaborone, m'mabuku a Alexander McCall Smith amene anayamba mu 1998. Milandu yake ndi ya pakhomo, monga mwamuna wosowa kapena wantchito wachinyengo, ndipo magazi ndi ochepa.

Koma nkhani imene imandikhudza koposa ndi yakale kuposa zonsezi. Ili m'buku la nthano za Chiarabu la Alf Layla wa Layla, ndipo imatchedwa nkhani ya maapozi atatu. Msodzi wosauka anaponya ukonde mumtsinje wa Tigris navuula bokosi lolemera lokhoma. Khalifa Harun al-Rashid analigula, ndipo atalitsekula anapezamo mtembo wa mayi wachitsikana. Anapatsa nduna yake Ja'far masiku atatu kuti apeze wakupha, apo ayi aphedwa ndi iyeyo. Wakuphayo anadziulula yekha, ndipo anali mwamuna wake wa mayiyo. Mkazi wake atadwala analakalaka maapozi, iye nayenda ulendo mpaka ku Basra kukagula atatu. Tsiku lina anaona kapolo wina mumsewu atanyamula apozi, ndipo atamufunsa, kapoloyo anati wapatsidwa ndi chibwenzi chake chimene mwamuna wake anakagula ku Basra. Bamboyo anathamangira kunyumba, napeza maapozi atsala awiri, napha mkazi wake pomwepo. Atataya mtembo anapeza mwana wake akulira. Mwanayo ndiye anatenga apozi kukasewera nalo panja, kapolo uja n'kumulanda, ndipo nkhani ya ku Basra anaimva kwa mwana yemweyo pamene ankamuchonderera kuti abweze.

Taonani bwino. Bamboyo anali ndi umboni: apozi analiona ndi maso, mawu anawamva ndi makutu, kunyumba limodzi linasowadi. Chimene chinamusowa ndi funso limodzi lokha kwa a m'nyumba mwake.

Nkhaniyi imandipweteka chifukwa nanenso ndinatsala pang'ono kuchita zomwezo. Chaka chatha ku madrasa kwathu kunasowa envulopu ya ndalama zimene makolo anasonkha kuti tigule mikeka. Ana onse analoza mnyamata mmodzi wamasiye, chifukwa ndiye anatsala kusesa, ndipo m'mawa mwake anaoneka akudya mandasi. Mtima wanga nawo unali utaweruza kale. Koma ndisanaitane agogo ake, ndinadzifunsa monga afunsira anthu a m'mabuku aja: ndani anaona envulopu komaliza, nthawi yanji, ili pati? Yankho linali lochititsa manyazi. Womaliza ndinali ine, ndipo ndinaipana m'kaundula wa mayina amene ndinapita naye kunyumba. Ndalama zonse zinali momwemo. Za mandasi, mwanayo anatunga madzi kwa mayi wina wa geni namulipira. Ndinapepesa pamaso pa kalasi yonse, komabe ndimaganiza mpaka lero kuti ndikanafulumira tsiku limodzi lokha, mwana uja dzina lakuti wakuba likanamumatirira moyo wake wonse.

Kufulumira kotereku dziko lathu lakulirapo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, ku Thyolo mpaka kuno ku Blantyre, ndipo anthu anaphedwa ndi magulu a anzawo popanda wofunsa kuti waona ndani, waona chiyani. Agogo angati m'midzi mwathu athamangitsidwa chifukwa mwana wadwala malungo? Mabanja angati atha chifukwa cha uthenga wa pafoni umene palibe anautsimikiza? Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo Surat al-Hujurat, imene ana athu amaloweza, imatilangiza kufufuza nkhani tisanaikhulupirire ndi kupewa kuganizirana zoipa. Kuloweza n'kosavuta. Kuzolowera ndiye kumafuna kuyeserera, ndipo buku labwino la milandu ndi bwalo loyesererapo. Mlembi amakuonetsa dala munthu wa nkhope yokayikitsa, iwe n'kumuweruza, kenaka pamapeto n'kuchita manyazi wekha popanda wovulala. Ukanyengedwa chotero kakhumi, umayamba kudekha.

Tsono mayi, yankho langa ndi ili: musamulande buku mwanayo. Onani chikuto, funsani kuti nkhani yake ikuti chiyani, ndipo muikireni malire kuti sukulu, madrasa ndi ntchito za pakhomo zisagone. Kenaka yesani zimene timachita kwathu Loweruka madzulo. Mmodzi amawerenga mokweza, n'kumamasulira m'Chichewa kapena m'Chiyao kuti agogo nawo amve. Tikafika pamutu womaliza timatseka buku. Aliyense amatchula amene akumuganizira, koma lamulo ndi lakuti apereke zifukwa ziwiri zochokera m'nkhanimo. Kunena kuti "nkhope yake sinandisangalatse" sikuloledwa. Wolephera amatsuka mbale, ndipo ndikuuzeni kuti mwalimu wanu watsukapo kangapo, mayi a kunyumba akuseka.

Pomaliza ndili ndi pempho kwa achinyamata okonda kulemba. Mabuku a Chichewa amene tinakula nawo, a John Gwengwe, a Jolly Max Ntaba ndi a Willie Zingani, anatiphunzitsa mwambo ndi za m'banja, ndipo tikuwathokoza. Tsopano tikufuna wofufuza wathuwathu wolankhula Chichewa ndi Chiyao. Injini ya boti yasowa padoko usiku wa mwezi, thandala la usipa laphwa anthu ali ku Jumu'a, munda wa masiye wagulitsidwa kawiri. Milandu simukuyenera kukaibwereka ku London, ili pagombe pomwepo. Zanzibar inapeza Bwana Msa wake, nanga Mangochi alephera bwanji?

Ndilembereni mundiuze zimene mukuwerenga kunyumba kwanu ndi mmene mpikisano wa Loweruka wayendera. Tidzakumananso pakhonde pano pakatha miyezi itatu, Insha Allah. Wassalam.