Botolo la gasi likalephela mayeso, limathela kuti?

Tayala ya minibasi ikaphwa pa msewu wa Umodzi, tonse timatsika n'kuzungulila wokonza matayala, maso pa manja ake ngati kuti ndiye waticedwetsa. Tsiku lina mukayang'anenso comwe amasungilamo mpweya. M'malo ambili si thanki yogula m'sitolo iyai. Ni botolo lakale la gasi kapena la cozimila moto, pamwamba atamangilila kompulesa ya filiji yakufa. Luso lilipo, ndipo anyamata amenewa amadyetsa mabanja. Koma botolo limenelo linatayidwa pa cifukwa, ndipo amene anaigula kwa ogulitsa zitsulo zakale cifukwaco sacidziwa.

Nkhaniyi yakula kucokela mu 2024. Cilala citacepetsa madzi mu Kariba, malaiti anayamba kuzima pafupifupi tsiku lonse, malasha nawo anakwela mtengo, ndipo mabanja ambili ku Kapata, Mchini ndi Kalongwezi anagula gasi koyamba. Mabotolo aculuka m'tauni, ndipo botolo lililonse limakalamba.

Kuti timvetse bwino, tione anthu amene amasambila pansi pa madzi ku Cape Maclear ndi Nkhata Bay pa nyanja ya Malawi. Botolo limene amabeleka kumsana limanyamula mpweya wofika ma bar 200, pamene tayala ya galimoto yaing'ono imangofuna ma bar awili kapena kupitililako pang'ono. N'cifukwa cake m'maiko ambili botolo lotelo limayesedwa pa zaka zisanu zilizonse. Amalidzaza madzi, n'kulipanikiza kupitilila mphamvu imene limagwililapo nchito, n'kuyeza mmene lafufumila. Likapanda kubwelela mwakale, ndiye kuti citsulo catopa. Amayesela madzi cifukwa madzi safinyika: botolo likang'ambika, amangotayika pansi. Likanakhala ndi mpweya, likanaphulika ngati bomba. Lolephela amafufuta manambala ake, ena amaliboola kapena kuononga mazinga a pakamwa pake kuti wina asadzalidzazenso. Zikatelo limakhala belu, coikapo nyale kapena coikamo maluwa.

Kuno kwathu gawo lomaliza limeneli ndilo lisowa. Botolo limacoka m'manja mwa mwini wake lili lathunthu, n'kugulitsidwa pa kilo, n'kuyamba moyo waciwili m'mbali mwa msewu.

Mukam'funsa wokonza matayala adzakuuzani kuti mpweya wake ni wocepa, siufika ngakhale ma bar 10. Zoona. Koma mpweya wopopa umabwela ndi cinyontho, ndipo madzi aja amadikha pansi pa botolo. Thanki yeniyeni ya kompulesa ili ndi kampopi pansi kocotsela madziwo, komanso valavu imene imatseguka yokha mpweya ukaculuka. Botolo la gasi lilibe kampopi kameneko. Dzimbili imadya mkati, kunja penti ikali kuwala. Ndiyenso kompulesa ya filiji siidziwa kuleka yokha: mwini wake akatanganidwa ndi kukangana za cenji ndi kondakitala, iyo ingopopabe. Onjezani kuti miyendo ndi mapaipi amawotcelela pa thupi la botolo, pamene moto umafooketsa citsulo pamalo omwewo. La aluminiyamu ndiye likangolawa moto, iwalani.

Sindikuti botolo lakale litayidwe m'dzala. Mbaula yodula ku botolo la gasi imakhala zaka, osati zija za malata zimene zimaboola pansi mvula imodzi. Belu la pasukulu kapena pachalichi lopangidwa ndi botolo limamveka mpaka kuseli kwa phili. Nchito zonsezi n'zabwino cifukwa botolo silisunganso mpweya. Ngozi ili pa kudula. Botolo limene timati latha limakhalabe ndi gasi, ndipo gasi wophikila ni wolemela kuposa mpweya, amakhalila pansi osatuluka. Kamoto kamodzi ka galainda n'kokwanila. Owotcelela ozindikila amayamba atsegula valavu panja, kutali ndi moto, n'kuicotsa, kenako n'kudzaza botolo madzi mpaka pakamwa asanalikhudze ndi cida. Wothamangila ndalama ya lanchi amangonunkhiza n'kunena kuti mulibe kanthu.

Nanga oyang'anila? ERB ndiyo imapeleka malaisensi kwa ogulitsa gasi, ZABS imaika miyezo, ndipo Khonsolo ya Chipata, imene inakhala mzinda mu 2017, ndiyo iona za malonda m'misewu. Ine sindifuna kuona apolisi a khonsolo akulanda makompulesa. Tsiku limenelo theka la maminibasi ndi njinga za m'tauni muno zidzagona pa msewu. Poyambila pabwino ni pa ogulitsa gasi: botolo lolephela mayeso lisatuluke pa geti lisanabooledwe. Ndipo wa khonsolo amene amabwela kudzatenga msonkho angathe kuona ngati kompulesa ili ndi geji, valavu yotulutsa mpweya ndi pocotsela madzi. Zinthu zitatuzi zimapezeka m'masitolo a zitsulo ku Down Shops.

Manje tilowa m'nyengo yotentha, ndipo mabotolo ambili amakhala padzuwa tsiku lonse. Ali pamthunzi ndiwo asanduka mipando. Mlungu watha ndinaona mtsikana wogulitsa mazila owilitsa atakhala pa limodzi, beseni pamiyendo, kompulesa ili kulila kumbuyo kwake.