Hedi yatsopano pa buloko ya 1932

Makaniko wathu amamasula hedi ikapindika ndi kuwira, kapena gasiketi ikapsa. Anyamata a ku California a zaka za m'ma 1940 ankamasula hedi yabwinobwino, yopanda chilema, n'kuiponya pakona. Ine ndili kumbali ya anyamatawo, ngakhale kuti si onse amene ndingawaombere m'manja.

Injini imene ankalimbana nayo ndi V8 ya Ford yotchedwa flathead, yomwe inatuluka mu 1932 ili ndi mphamvu ya 65 horsepower, ndipo ku America inapangidwa mpaka 1953. Inali yotchipa, yopezeka paliponse pogulitsa zitsulo zakutha, choncho mnyamata wochokera kunkhondo ankatha kuigula n'kukaiyesa liwiro pa nyanja youma ya El Mirage, kapena pachigwa cha mchere cha Bonneville ku Utah, kumene mipikisano yawo ya chaka ndi chaka inayamba mu 1949.

Koma injiniyi inabadwa ndi befu. Mavavu ake sali pamwamba pa pisitoni monga tinazolowera lero. Ali m'buloko, pambali pa silinda, atayang'ana kumwamba, ndipo hedi ndi chivundikiro chabe chokhala ndi mabowo a mapulagi ndi njira za madzi. Mpweya wosakanikirana ndi petulo umakwera pa vavu, n'kukhota, n'kuyenda chammbali, kenaka n'kutsikira m'silinda. Utsi nawo sutuluka msanga: umadutsa m'kati mwa buloko, pafupi ndi madzi oziziritsa, ndipo masilinda awiri apakati mbali iliyonse amaphangirana khomo limodzi. Kuwira ndi kung'aluka kwa buloko kumene injiniyi inatchuka nako kumayambira pamenepo.

Njira yapafupi inali kugula hedi ya aluminiyamu ya mizeremizere kwa Vic Edelbrock, kwa Barney Navarro kapena ku kampani ya Offenhauser. Mavavu ankakhala pomwe anali, koma chipinda choyakira moto chinkachepa, mpweya n'kumapanikizika kwambiri. Msampha uli apa: malo amene mukuchepetsawo ndi njira yomweyo imene mpweya umadutsa pochoka pa vavu. Mukapana kwambiri, mwaitsamwitsa injini. Ena ankasema buloko pakati pa vavu ndi silinda kuti njira itakasuke, ndipo potero ankataya gawo la kupanikizika kumene analipira ndalama kuja. Ankangokhala ngati munthu wofunda bulangeti lalifupi, akaphimba mutu miyendo ili pamtunda. Amene amagula hedi zimenezi lero, ambiri akugula kukongola, ndipo palibe mlandu bola avomere. Awerengenso mabawuti asanapereke ndalama, chifukwa mabuloko oyambirira ali ndi 21 pa hedi iliyonse, pamene kuyambira 1938 anakhala 24.

Amene anafika pa gwero la vutoli ndi Zora Arkus-Duntov ndi m'bale wake Yura, omwe anathawa nkhondo ku Ulaya n'kutsegula kampani ku New York. Mu 1947 anatulutsa hedi yotchedwa Ardun. Imeneyi sinali chivundikiro. Inasamutsira mavavu pamwamba, m'chipinda chozungulira ngati theka la mpira, pulagi ili pakati. Camshaft inatsala m'buloko, ikukankha mavavu kudzera pa timitengo tachitsulo todutsa m'mene munali mavavu akale. Mpweya unayamba kulowa mosakhotakhota, ndipo utsi unayamba kutulukira m'hedi momwemo, osapsetsanso buloko. Eni ake ankaganizira kwambiri za malole olemedwa ndi katundu, koma amene anadzaikonda ndi anyamata a liwiro, makamaka Don Clark ndi Clem TeBow atakonza zofooka zake zoyendetsera mavavu.

Zoterezi zimakoma pozifotokoza, koma mutu ukayamba kupuma bwino, mavuto amatsikira kumunsi. Crankshaft ya flathead imagona pa mabeyaringi aakulu atatu okha, pamene ma V8 odzabwera pambuyo pake ambiri ali ndi asanu. Mphamvu yonse yatsopanoyo imagwera pa atatuwo. Hedizi n'zazikulunso, moti pa galimoto ya 1932 mbali za boneti zimavuta kutseka. Mtengo wake unali wokwera, ndipo zoyambirira zinapangidwa mazana owerengeka basi.

Nthawi nayo sinazikomere. Mu 1949 Oldsmobile ndi Cadillac anatulutsa ma V8 a mavavu apamwamba kuchokera kufakitale, mu 1951 Chrysler anabwera ndi yake ya chipinda chozungulira chomwecho, ndipo mu 1955 Chevrolet anaika pamsika V8 yaing'ono imene inadzaza magalaja onse a anyamata a liwiro. Arkus-Duntov mwiniwake anali atalowa kale ntchito ku General Motors mu 1953, ndipo chaka chomwecho analembera mabwana ake kalata yowalangiza kuti akope anyamatawa, omwe nthawiyo ankadya ndi kugona Ford.

Pali ena amene amati kusintha hedi n'kuwononga mbiri ya galimoto. Pamenepa sindigwirizana nawo. Ford anapanga injinizi mamiliyoni, ndipo zimene anyamata aja anazichita nazo ndi mbiri ndithu. Hedi imamangidwa ndi mabawuti. Ya kufakitale mukaisunga pa shelefu, tsiku lina mudzaibwezera. Amene ndimakangana naye ndi uja wothamangira kusema buloko yosowa, poti chitsulo chimene chapita ndi galayindala sichibwerera. Winanso ndi uja woitanitsa Ardun yopangidwa masiku ano, ya mtengo woposa galimoto yabwino yoyendera, asanatsuke n'komwe buloko yake n'kuipima ming'alu pakati pa mavavu ndi masilinda.