Lumo Ladutsa pa Izeki ndi Jakobo

Inu amene mumakhala ku Chinyonga mudziwa kuti kuchokera kwathu kuno kupita ku Kwacha, kumene wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba kuulutsa mu 1999, munthu amafika thukuta lisanatuluke. Komatu mphunzitsi wa Chichewa wofuna kuonetsa ophunzira ake sewero lakale la Izeki ndi Jakobo amalowera kwina, kwa ogulitsa zimbale za DVD m'mbali mwa msewu, kapena kwa anyamata olowetsa mafilimu m'mafoni.

Ine ndinatero, pofuna kuphunzitsa ana a Fomu 3 m'mene wosewera waluso amakonzera chiseko. Chimbale chimene ndinagula chinali m'kathumba ka pulasitiki, chikuto chake pepala lofotokopedwa kambirimbiri mpaka nkhope za osewera zinangoti bii. Panalibe chaka, panalibe maina. Zimenezo ndikanapirira. Chinandipweteka n'chakuti pakati pa sewero lina Jakobo anafunsa funso, ana onse anatchera khutu, ndipo yankho la Izeki silinabwere. Tinangoona tili m'sewero lina. Wodulayo anali atataya pamene panagona nthabwala yonse. Chiseko chimafuna kuti woonera adikire, ayembekezere china, kenaka alandire chimene sanachiganize. Mukadula pomalizapo, chotsala ndi anthu awiri ongokangana.

Akuluakulu amatisimbira za lumo lina. Lamulo loyang'anira zosangalatsa la 1968 linakhazikitsa bungwe la Censorship Board, limene linkadula mafilimu asanaonetsedwe m'nyumba za kanema monga Apollo mu Blantyre muno, kotero kuti mwamuna ndi mkazi akangoyandikizana milomo chithunzi chinkalumpha. Lumo limenelo linali la boma, ndipo chifukwa chake, chikhale chabwino kapena choipa, chinkadziwika. La lero ndi la malonda. Wojambula mwakuba afuna kupanikiza masewero ambiri m'chimbale chimodzi, tsono amachepetsa kuwala kwa chithunzi, nadula chiyambi, nadulanso mathero pamene pamalembedwa maina a eni ntchito. Ndipo sauza wogula.

Vutoli si lathu lokha. Ku America sewero loseketsa la WKRP in Cincinnati litatuluka pa DVD mu 2007, ogula anapeza nyimbo zambiri zitasinthidwa ndi mbali zina zitadulidwa kaamba ka mtengo wa chilolezo cha nyimbozo. Anadandaula osatopa, ndipo mu 2014 kampani ya Shout! Factory inatulutsanso seweroli itabwezeramo nyimbo zochuluka. Ku Britain, BBC inkafufuta matepi kuti ijambulepo zina, ndipo zigawo zitatu za Dad's Army za mu 1969 zinasowa motero. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko wogula amadziwa chimene chasowa, pakuti chinalembedwa. Ife tingadziwe bwanji, pamene ngakhale mndandanda wa masewerowa sitinausunge m'sukulu zathu?

John Nyanga, amene anali Izeki, anatisiya mu 2016. Eric Mabedi, Jakobo, mtsogoleri wa gulu la Kwathu, anamtsatira mu 2021. Sadzabwereranso pabwalo kudzabwereza mawu amene lumo lataya.

Maganizo athu ndi akuti mabanja awo, mawailesi amene ali ndi matepi oyambirira, ndi bungwe loteteza umwini wa zaluso la COSOMA akhale pansi atulutse masewerowa athunthu. Pachikuto palembedwe mutu wa sewero lililonse, chaka chake, kutalika kwake ndi maina a onse amene anasewera. Ngati pena padulidwa pa chifukwa chomveka, anene poyera. Limodzi likasungidwe ku National Archives ku Zomba. Mtengo udzakwererapo, n'zoona, koma ndalamayo idzafika kwa ana a eni ake. Ndipo inu aphunzitsi anzanga amene muli ndi matepi akale a VHS m'masutikesi, musawataye posesa m'nyumba. Mwina yankho la Izeki lija lili kwa inu.