Dzina la agogo linasowa pa mndandanda wa feteleza

Anzanga, mukamamva pa wailesi kuti boma likusintha pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo, mwina mumangoti izo n'za akuluakulu, ife zathu ndi mayeso a MANEB basi. Inenso ndinkaganiza choncho mpaka chaka chimene dzina la agogo anga linasowa pa mndandanda. Ndimakhala ndi agogowo, ndipo fizi yanga, yunifolomu, ngakhale sopo amene ndimachapira, zonse zimachokera m'munda mwawo. Ndiye musadabwe kuti ndabwera ndi nkhani ya feteleza pa bolodi pano m'malo mwa ndakatulo ya chikondi.

Ndinene poyera kuti sindikukana kuti pulogalamuyi isinthe. Thandizo la zipangizo zaulimi si lachilendo m'dziko muno. Mu 1998, nthawi ya a Bakili Muluzi, kunali Starter Pack. Mu 2005 a Bingu wa Mutharika anayambitsa FISP ya makuponi ija, ndipo mu 2020 boma la a Lazarus Chakwera linabweretsa AIP. Zaka zonsezi gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zaulimi lakhala likuthera ku feteleza, pomwe alangizi ndi ochepa, ulimi wothirira ukukwawa, ndipo njala imatipezabe mvula ikangovuta pang'ono. Komanso fetelezayo timagula kunja ndi ndalama zakunja zomwe dziko lathu lilibe zokwanira. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense anaona mmene mitengo inathamangira. Choncho amene amati sitingapitirize chonchi mpaka kalekale ali ndi mfundo, ndipo ine ndimawamva.

Pomwe ndikudandaula ndi pa kasinthidwe kake. AIP itayamba, thumba la makilogalamu 50 linali K4,495 ndipo opindula anali pafupifupi 3.7 miliyoni. Pofika nyengo ya 2022/23 thumba linafika pa K15,000, opindula n'kutsika kufika pa 2.5 miliyoni, kenako 1.5 miliyoni nyengo yotsatira. Kufufuta anthu mamiliyoni awiri pa kompyuta ndi ntchito ya tsiku limodzi. Koma kumudzi kuno munthu aliyense wofufutidwayo ali ndi munda umene wagalauza kale, ndipo akufuna kudziwa kuti wamuchotsa ndani, chifukwa chiyani, nanga akadandaule kwa yani.

Ganizo la akatswiri n'lakuti feteleza azipita kwa alimi amene ali ndi malo komanso mphamvu zolimira, osaukitsitsa azilandira ndalama za Mtukula Pakhomo, ndipo ena azigwira ntchito zachitukuko n'kumalipidwa. Papepala zikumveka bwino ndithu. Koma tamvani za agogo. Ku feteleza kunaoneka ngati akalamba, sangalime. Ku thandizo la ndalama kunaoneka ngati si osauka kwenikweni, poti nyumba yawo ndi ya malata ndipo ali ndi mbuzi zitatu. Malatawo anakhoma ndi malemu amalume, ndipo munthu sadya malata. Agogo anagwera pakati, uku kulibe, uko kulibe. Titafunsa kwa amfumu anati mayina abwera okonzakonza kuchokera kumtunda, iwo angopatsidwa kuti awerenge. Titapita kwa alangizi anati bwererani kwa amfumu. Tinayenda maulendo anayi, yankho lake lomwelo.

Chimene chinandiwawa kwambiri si kuchotsedwako ayi, koma nthawi yake. Tinadziwa mu Novembala, mvula yoyamba itagwa kale. Akanatiuza mu Julayi, agogo akanagulitsa mbuzi imodzi mitengo isanakwere, kapena akanasunga mbewu ya soya ndi mtedza yochuluka, poti mbewu zimenezi sizilira feteleza ngati chimanga. M'malo mwake tinadzala chimanga munda wonse tikuyembekeza, ndipo chinatuluka chachikasu, chofika m'chiuno. Teremu yachiwiri ndinakhala kunyumba milungu itatu ndikusaka maganyu. Ena mwa inu munkati ndadwala. Sindinadwale ayi.

Ndipo musaganize kuti amene dzina lake latuluka ndiye kuti wapulumuka. Chaka cham'mbuyo mwake, dzina la agogo lilipo, ndinajomba masiku atatu kuti ndikawagwirire malo pamzere ku depoti. Nthawi ya AIP kunalibe makuponi, ankasikana chiphaso cha unzika pa foni. Cholinga chake n'chabwino, chifukwa makuponi ankabedwa ndipo ena ankasindikiza abodza. Koma foniyo imafuna netiweki, ndipo netiweki ya kwathu kuno mukuidziwa nokha, timachita kukwera pachulu kuti uthenga upite. Anthu amafika mbandakucha, kalaliki n'kungoti netiweki yavuta, dzuwa mpaka kulowa. Ena anabwezedwa poti chiphaso chawo chinatha ntchito. Mayi wina amene tinali naye pamzere anauzidwa kuti makina akuonetsa kuti wagula kale, chonsecho thumbalo sanalione n'komwe. Pambali pa mzerewo mavenda anali atakhala phee pa njinga zamoto, akudikira wotopa kuti awagulitse mwayi wake. Munthu amene wagona panja masiku awiri, kunyumba kulibe ufa, ukamuonetsa ndalama m'manja amalola. Ine sindingamuweruze.

Tsiku lachitatu tinagula, koma Urea yekha, NPK kunalibe. Amene mumamvetsera kalasi ya Agriculture mukudziwa kuti wokulitsa ndiye amayamba, wobereketsa amabwera pambuyo chimanga chitakula pang'ono. Kukupatsa wobereketsa lero, wokulitsa mu Januwale, kuli ngati kukupatsa ndiwo masana, nsima n'kubwera mawa.

Kumtundako nakonso zinthu zimasokonekera. Mu 2022 dziko lonse linamva kuti K750 miliyoni yogulira feteleza inaperekedwa ku Barkaat Foods, kampani ya ku Britain yomwe ntchito yake ndi ya nyama, ndipo nduna ya zaulimi, a Lobin Lowe, inachotsedwa pa udindo. Ndiye munthu ukamva kuti tsopano pabwera njira yatsopano, ya ngongole, ya makalabu, ya minda ikuluikulu, umadzifunsa kuti kodi oyendetsa ake ndi ena, kapena ndi manja omwewo? Pulogalamu ikhoza kusintha dzina katatu, koma ngati magalimoto afika msewu utaterera kale, mlimi saona kusiyana.

Zimene ndikupempha si zodula. Mayina azituluka mwezi wa Ogasiti usanathe, amatidwe poonekera, pa tchalitchi, pa mzikiti, pa sukulu. Pakhale tsiku lodziwika ndi munthu wodziwika woti wochotsedwa akamufunse n'kuyankhidwa, osati kumangotumizana. Asanamuchotse munthu ku feteleza, atsimikize kaye kuti dzina lake lalowadi kwinako. Ndipo kumene netiweki imavuta pakhale njira ina yogulitsira, kalaliki asamangokhala manja lende anthu akupsa ndi dzuwa. Mwina wina anena kuti mayina akamatidwa poyera pabuka chidani m'mudzi. Chidanicho chilipo kale, anzanga, ndipo chimakula chifukwa anthu amangonong'onezana kuti uje analowa poti ndi mlamu wa amfumu, popanda woona pepala lenilenilo.

Chaka chino ine ndi agogo sitinadikire. Tapanga manyowa a Mbeya: feteleza pang'ono amene tinagula pa mtengo wa kusitolo, gaga, phulusa ndi ndowe za mbuzi zija, kuwaza madzi, n'kumanga m'thumba la pulasitiki mkati kwa masiku 21. Fungo lake si la masewera, koma matumba atatu ali kuseri kwa khitchini. Safika pa feteleza weniweni, komabe munda sugona ndi njala.

A hedi, ngati mwaima pano mukuwerenga, ndikupempha kuti mndandanda wa chaka chino ukatuluka mutipemphere kope limodzi timate pa bolodi lomweli. Ambiri mwa makolo athu satha kuwerenga timalemba tating'onoting'ono tija, ife ndiye tingakawauze msanga. Malo alipo, pansi pa ndandanda wa osesa.