Mnzathu atakhala chete, tinati wadya banzi

Anzathu, tisanakambe zobwerera kumsewu, pali nkhani ya m'nyumba mwathu momwemuno yofunika kuikamba poyera.

Mwezi wathawu mmodzi wa ife anasiya kuyankha pa gulupu. Ndi mfana amene ankatilembera zikwangwani, woyamba kufika pa mademo aliwonse. Misonkhano itatu sanabwere, foni osayankha. Ife tinayamba kunong'onezana kuti wadya banzi, andale amugula. Ineyo ndinali nawo m'gulu la oyankhula zimenezo, ndipo ndikuchita manyazi. Mchemwali wake ndiye anadzatiuza zoona: anali atatha masabata atatu ali m'chipinda, osasamba, nsima kungoigwiragwira, usiku osagona, ndipo anali atayamba kunena kuti moyo ulibe phindu. Lero ali moyo, akulandira thandizo kuchipatala, ndipo watilola kufotokoza izi popanda kutchula dzina lake.

Timadziwa kothawira utsi wokhetsa misozi ukaphulika, timadziwanso zonena apolisi akatigwira. Koma matenda a munthu amene timadya naye chiwaya sitinawazindikire. Umbuli umenewu tiuthetse.

Choyamba, si kukhumudwa kulikonse komwe kuli matenda. Ine ndili ndi zaka 24, digiri ili m'sutikesi, ndipo chigwetsereni Kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale ya minibasi yokasiya CV ndimachita kupempha kwa mayi. Ndimakwiya, ndimada nkhawa, nthawi zina ndimalira. Koma zimabwera n'kupita. Ndikacheza ndi anzanga, kapena Bullets ikachinya, ndimasekanso. Kumeneko n'kupweteka kwa moyo wa tsiku ndi tsiku.

Matenda okhumudwa, amene achipatala amati depression, sachoka choncho. Munthu amakhala wosweka mtima pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kuposerapo. Zimene ankazikonda sizimukomeranso. Tulo timasowa kapena amangogona tsiku lonse, chakudya sichilowa, thupi limatopa osagwira ntchito, amadziona wachabechabe, ndipo ena amayamba kuganiza za imfa. Kumuuza kuti adzuke alimbe mtima kuli ngati kuuza wa malungo kuti asiye kunjenjemera.

Palinso nkhawa yopitirira muyeso: mtima kuthamanga, thukuta, kubanika ngati ukufa, koma kuchipatala malungo osapezeka, BP ili bwinobwino. Ena amavulala m'maganizo chifukwa cha zoopsa zimene anaziona. Ena mwa ife anamenyedwapo n'kugona m'selo, ena a ku Chilobwe ndi Soche anaona matope a Freddy akukokolola anthu mu Malichi 2023. Mpaka pano ena amalota zomwezo, amadzidzimuka tayala likaphulika kapena mvula ikayamba kugunda pamalata. Ndiye pali kumva mawu amene ena sakuwamva ndi kukhulupirira zinthu zimene kulibe, zija timathamangira kuti misala kapena amulodza. Nawonso ndi matenda, ali ndi mankhwala, ndipo chamba chimatha kuwadzutsa kapena kuwakulitsa.

Mafana, apa ndikuyankhula ndi inu. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna. Tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira, ndiye timakabisala ku kachasu ndi ku kandege. Ukaluza umakatenga katapila, katapila akakuthina tulo timatha, tulo tikatha umabwereranso ku botolo. Mnzako akafunsa umangoti “ndili bho.”

*Zimene tikupempha membala aliyense:*

1. Mnzako akasowa sabata yathunthu, pita kwawo. Meseji ya “uli bho?” ndi yosavuta kuyankha monama.

2. Ukafika, mvetsera. Usathamangire kunena kuti ena akuvutika kuposa iyeyo. Ngati ndi wopemphera, pemphera naye, koma kuchipatala apitebe. Pemphero ndi mankhwala sizilimbana.

3. Ukaona kuti zafika povuta, funsa mosazungulira: “Kodi ukuganiza zodzipha?” Kufunsa sikumupatsa maganizowo, kumamupatsa mpata woyankhula. Akavomera, usamusiye yekha, chotsa pafupi chilichonse chimene angadzivulaze nacho, uza wachibale amene amamukhulupirira, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

4. Pa magulupu athu sitikufunanso zithunzi za anthu odzipha, makalata amene asiya, kapena mavidiyo oseka odwala a mumsewu. Ma admin azichotsa pompopompo.

Kokapeza thandizo: yambani ku chipatala cha boma cha m'dera lanu, mufunse woona za matenda a maganizo. Kulinso Zomba Mental Hospital, komanso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Musaope kuti akakutsekerani. Ambiri amalandira uphungu kapena mankhwala n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Mankhwala a matenda okhumudwa amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira, ndiye musawasiye panjira osafunsa adokotala.

Wina anganene kuti gwero la zonsezi ndi ulova, tipatseni ntchito matendawa atha. Pali zoona pamenepo, n'chifukwa chake tili pamsewu. Koma matendawa amagwiranso olemba anzawo ntchito, ndipo mnzathu uja sakanadikira kuti chuma chikonzeke. Boma nalo lisabisale kumbuyo kwa mawu athuwa. Dziko la anthu oposa 20 miliyoni lili ndi chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chimodzi chokha, ku Zomba. Wa ku Chitipa akafike bwanji? M'chikalata chathu chotsatira tiikamo mfundo ziwiri: alangizi ophunzitsidwa m'zipatala zazing'ono za kumidzi ndi m'makoleji, komanso mankhwala osasowa.

Podikira zimenezo, pali zimene tingayambe tokha. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006: agogo aakazi ophunzitsidwa kumvetsera amakhala pa benchi panja pa kiliniki, kucheza ndi anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, kuganiza kwambiri kuja timanena kwathu kuno. Agogowo analibe madigiri. Ife tili nawo, ndipo nthawi tili nayo yambirimbiri.

Kuyambira Loweruka lino, mphindi 30 zoyambirira za msonkhano uliwonse zikhala zofunsana za moyo, foni zili m'thumba, ndipo zokambidwa pamenepo zizithera pomwepo. Tikufunanso anthu awiri m'dera lililonse oti akaphunzire uphungu. Amene mwakonzeka lembani kwa ma admin.

Ndipo ife tonse amene tinati mnzathu wadya banzi, tikatha msonkhano tikupita kwawo kukapepesa. Ine nditsogola.

Tumizani uthengawu ku magulupu ena.