Mwana apatsidwe ndalama yakeyake akadali wamng'ono

Ambiri mwa ife tinayamba kugwira ndalama yathuyathu tsiku limene tinachoka pakhomo pa makolo kupita kusekondale yogonera komweko, ena mpaka pobwera kuno kukoleji. Tisanafike pamenepo, ndalama inali yongotumidwa nayo: "Kagule mchere, chenji ubwere nayo." Zotsatira zake zimaoneka m'mahositelo teremu iliyonse. Ndalama yoti ifike kumapeto kwa mwezi imatha pa milungu iwiri, kenako munthu ali m'ngongole, wina kwa akatapila, wina akubetcha mpira pafoni poganiza kuti abweza zomwe zapita. Awatu ndi anthu oti anakhoza MSCE ndipo masamu amawadziwa. Chimene chinawasowa ndi mwayi woyeserera akadali ang'ono, pamene kulakwitsa kunkangoluzitsa ndalama ya mandasi.

N'chifukwa chake tikuti mwana akayamba Sitandade 1 kapena 2, makolo azimupatsa kandalama kodziwika pa tsiku lodziwika, mlungu uliwonse, kuti aziyendetsa yekha. Kuchuluka kwake kulibe kanthu kwenikweni. Chofunika n'chakuti kazibwera mosadumphitsa, ndipo mwanayo adziwe kuti kakatha, katha mpaka mlungu wamawa. Ndalama yopatsidwa mwana chifukwa walira pagolosale imamuphunzitsa kuti kulira kumalipira. Yobwera pa tsiku lake imamuphunzitsa kudikira ndi kukonzekera.

Amene tikuphunzira zauphunzitsi timakumana ndi dzina la Jean Piaget, yemwe anaonetsa kuti mwana wa zaka za pakati pa 7 ndi 11 amamvetsa bwino zinthu zimene angazione ndi kuzigwira. N'chifukwa chake m'makalasi oyambirira timawerengetsa ana ndi timiyala ndi zitsekerero za mabotolo. Ndalama nayonso ili chimodzimodzi. Mwana amene makolo ake amalipira zonse pa Airtel Money kapena TNM Mpamba amangoona chala chikudina foni, katundu n'kubwera. Saona chilichonse chikuchepa. Mpatseni ndalama zamapepala, ndipo zikhale zosinthasintha kuti athe kuzigawa ndi manja ake. Mayi Ellen White, m'buku lawo lotchedwa Education la mu 1903, analimbikitsanso zomwezi: kuti ana azilemba okha ndalama zimene alandira ndi zimene awononga, ndi kuti kagwiritsidwe ntchito ka ndalama kamaphunziridwa poigwiritsa ntchito.

Tiyerekeze kuti banja lakwanitsa K1,000 pa mlungu. Lachisanu masana, dzuwa lisanalowe, mwana akhale pansi ndi mayi kapena bambo ake, pali zitini zinayi ndi kope lakale. K100 ya chakhumi, K50 ya chopereka, K350 yosunga, K500 yogwiritsa ntchito mmene wafunira. Alembe yekha, ngakhale manambala ake akhale okhotakhota. Akapanda kuikhudza, K350 ija imakwana K18,200 pakutha pa milungu 52, ndipo mwana amene wadzigulira yekha chikwama cha kusukulu sachisiya pabwalo la mpira.

Pa nkhani ya chakhumi tiyeni tinene chilungamo. M'mipingo mwathu timaona mwana akufumbatitsidwa K100 pakhomo la tchalitchi kuti akaponye m'mbale ya Sukulu ya Sabata. Zimasangalatsa kuona, koma wapereka pamenepo ndi kholo, mwanayo wangokhala mtumiki. Sanataye kanthu, sanasankhe kanthu. Koma amene wachotsa K100 pa K1,000 yake, akudziwa bwino lomwe kuti ikanagula switi, walawa tanthauzo la Malaki 3:10 kuposa amene wangoloweza vesilo. Maphunziro a ukapitawo timakonda kuwasungira akuluakulu olandira malipiro, chonsecho mmera mpoyamba. Amene sanazolowere kupatula K100 pa K1,000 adzavutika kupatula K50,000 pa K500,000.

Ena amati ndalama imawononga ana, imawaphunzitsa dyera ngakhalenso kuba. Nkhawa imeneyi ndi yomveka. Koma taganizirani mwana amene amazembetsa chenji: kawirikawiri amakhala woti alibe njira ina iliyonse yopezera kanthu kakang'ono kamene anzake akugula pa buleki. Ndalama yoperekedwa poyera, yolembedwa m'kope, imathandizanso kholo kudziwa msanga mwana akabwera ndi chinthu chimene ndalama yake singagule. Kwa atsikana ang'onoang'ono nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa alipo anthu oipa mtima amene amakola ana ndi K500.

Ena amati zimenezi n'za anthu a m'tauni olandira kumapeto kwa mwezi. Zoona, makomo ambiri ndalama amaiona bwino nthawi yokolola basi. Koma agogo athu anali nayo kale njira. Mwana ankapatsidwa nkhuku yake, kapena mizere ingapo ya mtedza m'mphepete mwa munda, kuti asamale yekha. Anapiye khumi akakula, mmodzi ndi wa Mulungu. Njira imeneyi ili ndi ubwino winanso masiku ano. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama yogona m'chitini zaka zambiri imafooka, pamene nkhuku imaswana. Choncho mwana azisungira chinthu chimene angachifikire pa miyezi yochepa, kapena asandutse ndalama yakeyo chiweto.

Pali misampha iwiri imene makolo ayenera kuipewa. Woyamba ndi kusandutsa ndalamayi malipiro a ntchito zapakhomo. Kusesa, kutsuka mbale ndi kutunga madzi mwana amachita chifukwa ndi wa pakhomopo ndipo amadya nawo nsima. Mukayamba kulipira zimenezi, tsiku lina agogo akadzamutuma adzafunsa kuti, "Mundipatsa zingati?" Ntchito yapadera, yoti mukanalemba waganyu, imeneyo mukhoza kugwirizana mtengo. Msampha wachiwiri ndi chisoni. Mwana akamaliza K500 yake Lamlungu, Lachitatu adzabwera nkhope ili yakugwa. Musamukalipire, komanso musamuwonjezere. Masiku otsalawo amuphunzitsa zimene ulaliki wautali sungathe.

Ndipo mwana amaonera. Ngati bambo akuti chakhumi choyamba koma iwo envelopu yawo amaikumbukira zikatsala, mwana atsatira zochita osati zonena. Ngati mayi abwereka m'chitini cha mwana kuti agule ndiwo, abweze pa tsiku limene alonjeza, chifukwa pamenepo ndi pamene mwana amaphunzira kuti ngongole imabwezedwa. Azakhali akadwala, mufunseni ngati angakonde kuthirapo kangachepe pa shuga wopita naye kuchipatala. Akavomera yekha, wadziwa kuti ndalama ndi yothandizira abale.

Ife ambiri sitinakhale makolo, koma tili ndi azing'ono athu, ana a achemwali ndi a achimwene, ndi ana a Adventurer amene timawatsogolera kumpingo. Tikapita kutchuthi, tikambirane ndi makolo, tipeze zitini zinayi ndi kope limodzi. Ngakhale K200 pa mlungu ndi poyambira, ndipo chakhumi chake ndi K20.